A Phiri a pa TV Yopanda Mawu

TV yathu inkanunkha. Mukaiyatsa, fumbi la kumbuyo kwake linkayamba kupsa, fungo lake n'kusakanikirana ndi la palafini ndi la polishi wofiira amene amayi ankapaka pansi Loweruka. Mpaka lero ndikamva fungo la waya wotentha mu kombi, minibasi ya kuno, anzanga amafuna kutsika, ine mtima umakhala m'malo. Ndimapezeka ndili kwathu ku St Mary's, pa simenti yozizira, nditakulunga mapazi m'juzi ya bambo.

Chaka chimenecho kunazizira moti tambala wa anansi athu ankalira dzuwa litakwera kale, ndipo msewu wonse unkachedwa ku ntchito. Wokayika akafunse, anthu ake alipobe. M'chisanu chimenecho ndi mmene bambo anabwera ndi TV pa wilibala kuchokera ku Zengeza, ataifunditsa bulangeti ngati wodwala. Anawapatsa ndi mnzawo wa ku fakitale ya nsalu, ndipo madzulo omwewo tinadziwa chifukwa chake munthu amapereka TV yaulere. Zithunzi zinkaoneka, zakuda ndi zoyera, koma mawu munalibe. Ngakhale kutsokomola. Owerenga nkhani ankangotsegula ndi kutseka pakamwa, ife n'kumayeza mavuto a dziko poona nsidze zawo.

Bambo anabadwira pa famu ya fodya kuno ku Zimbabwe, koma makolo awo anachokera ku Dedza. Iwo ankatilankhula Chichewa, ine ndi mlongo wanga wamkulu Chisomo tinkayankha Chishona. Sitinkachitira mwano. Kusukulu Chichewa chinali chinthu chosekedwa nacho, ndiye tinkachisiya pageti ngati nsapato zamatope. Bambo sankadandaula. Ankangoyang'ana pakamwa pathu tikamayankha, ngati munthu woyembekezera kombi pamsewu umene sizidutsanso.

Lamlungu madzulo, dzuwa likangolowa, kunayamba kuonetsedwa makatuni atsopano. Kwathu nkhani inali yosavuta: chojambulidwa chilichonse n'cha ana, ngati phala. Choncho tikabwera kutchalitchi n'kudya, ankatikhazika kutsogolo. M'makatunimo munali mwamuna wa chibwano chachitali, mkazi wake amene sankasiya tambula m'manja, nkhalamba yogona m'wadirobu, ndi mbuzi yosuta fodya.

Tsiku loyamba ndinapirira pang'ono, kenako ndinafunsa, "Baba, ari kuti chii?"

"Funsa bwino," anatero bambo, maso ali pa TV.

Ndinayesanso. "Ababa, akuti chiyani?"

Bambo anakhosomola, n'kukoka mpando, ndipo kuyambira pamenepo TV yathu inapeza mawu. Wachibwano uja anali a Phiri a ku Dedza. Anabwera m'tauni ya eni ake kudzagwira ntchito, ndipo tsopano ankafuna kubwerera kwawo. M'tambula ya akazi awo munali thobwa. Nkhalamba inkagona m'wadirobu chifukwa lendi inakwera. Mbuzi inali yokaphera abale akadzafika kumudzi, ndipo inkasuta chifukwa inkadziwa. Bambo ankalankhula mawu a onsewa, osaseka ngakhale pang'ono, ndipo pakamwa pa a Phiri pakatsekeka, pawonso pankatsekeka. Ndaonera mafilimu ambiri chiyambire, sindinaonenso mawu ogwirizana ndi milomo ngati amenewo.

Sabata iliyonse a Phiri ankatsala pang'ono kunyamuka, ndipo sabata iliyonse chinachake chinkawaletsa. Pena mbuzi inkadya tikiti. Pena apolisi ankawatenga, ndipo bambo ankati ndi nkhani ya chitupa. Nthawi ina a Phiri anapezeka m'bulangeti limodzi ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Bambo sanaphethire. Anati akuthandizana kusaka nsikidzi. Ine ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa nsikidzi tinkazidziwa.

Amayi ankakhala pakona akuluka juzi, mbatata zikuwira pa pulayimasi. Tsiku la nsikidzilo anaimitsa singano.

"Bambo a Chisomo, zimenezi n'za ana zoona?"

"Za ana, mayi. Simukuiona mbuziyo?"

Lamulo linali limodzi: wofuna kudziwa afunse m'Chichewa. Mbiri inamveka mumsewu, ana a anansi n'kuyamba kudzaza pakhomo ndi pawindo, atanyamula maputi, chimanga chokazinga, m'matumba. Mpweya wawo unkafunditsa nyumba kuposa mbaula. Ana a Chishona enieni, amene agogo awo ndi a kumidzi ya ku Seke komweko, ankakuwa "Kenako?" bambo akangopuma. Mmodzi anakalankhula Chichewa kutulo, amayi ake n'kupita naye kwa mneneri. Izinso n'zoona. Chisomo ankakhala kumbuyo ndi buku lake la Fomu 2, akuchita ngati zachibwanazi sizikumukhudza, koma tsamba silinkatembenuka.

A Phiri akakhala chete kuyang'ana pawindo, bambo ankawalankhulira za kwawo. Ankati ku Dedza kuli phiri limene mitambo imapempha njira. Mbatata ya kachewere imodzi imakwana maliro onse. Munthu ukatsika basi, anthu amadziwa kuti ndiwe mwana wa yani poona kayendedwe. Apa mawu a bambo ankatsika, ndipo pakamwa pa a Phiri pankatsekeka iwo akulankhulabe. Ndi malo okhawo amene ankaphonya. Ine ndinkagona ndikuwerengera a Phiri njira, ndipo Lolemba m'kalasi ndinkada nkhawa ndi tikiti yawo kuposa masamu. Sindinazindikire kuti ndayamba kupempha mchere m'Chichewa.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kanyumba ka matabwa, mmene munkakhala loja wathu wa lendi, mukoma Tawanda, kunena kuti achimwene Tawanda, amene ankaphunzira kukonza mawailesi. Anali munthu wabwino, ndipo vuto linali lomwelo. Lamlungu lina, mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa mapepala mumsewu, amayi anamusiyira kiyi popita kutchalitchi. Amayiwo ankafuna kuti awakonzere TV, azimva makwaya. Tinabwera n'kupeza mukoma Tawanda akumwetulira, sikuludiraiva ili kukhutu.

Linali tsiku la gawo lomaliza la makatuni aja chaka chimenecho. Sabata yathayo bambo anali atatiuza kuti a Phiri amanga katundu, basi ya ku Dedza inyamuka Lamlungu. Nyumba inadzaza mpaka kukhitchini. Bambo anakoka mpando, anakhosomola, anatsegula pakamwa. TV inawatsogolera.

Chinali Chizungu chothamanga, cha m'mphuno. Wachibwano uja sanali a Phiri, ndipo za basi panalibe. Chisomo, amene Chizungu ankachimva, anayamba kuseka atagwira pakamwa, kenako anasiya n'kuyang'ana pansi. Mbuzi inachotsa ndudu pakamwa n'kunena mawu amodzi amene ngakhale amayi ankawadziwa, chifukwa ndi omwe mahwindi, anyamata oitanira anthu, amatukwanirana pa siteji ya makombi. Amayi anaika singano pansi, anazimitsa TV, n'kuivundikira ndi nsalu ya patebulo. Ana a anansi anatuluka mwakachetechete ngati pamaliro. Mukoma Tawanda anayang'ana sikuludiraiva yake.

Bambo anadzuka pampando. Anatenga nsapato zawo za kuntchito ndi bulashi n'kukakhala pakhonde. Ndinawatsatira. Kunja kunkanunkha utsi wa nkhuni za nyumba zonse, ndipo kutali makombi ankaimba mahutala. Ndinakhala pambali pawo, n'kukonza mawu anga bwinobwino m'mutu kuti pasalowe Chishona.

"Ababa, a Phiri afika kwawo?"

Anapukuta nsapato nthawi yaitali, nsapato yowala kale.

"Basi yawasiya, mwanawe."

"Akwera ina?"

"Akwera. Mabasi ndi ambiri."

TV ija inakhala nafe zaka zambiri, ikulankhula usana ndi madzulo. Amayi anamva makwaya awo. Makatuni aja atabweranso chaka chotsatira, kwathu anali oletsedwa, ndipo mpando wa bambo unabwerera kukhoma. Chichewa changa chinabwereranso pageti pang'onopang'ono, osatsanzika. Bambo anamwalira ndili kale pa ntchito ku Harare, ndipo tinawaika ku Seke. Ku Dedza sanapondeko.

Ine ndinapitako kamodzi, ndekha, pa basi. Phiri lilipo, ndipo mitambo imapemphadi njira, ndinaimva. Mbatata ndi zapakatikati. Nditatsika ndinayenda uku ndi uku pa siteji mwadala, koma palibe anandidziwa poona kayendedwe. Mayi wogulitsa nthochi anamva Chichewa changa n'kundifunsa ngati ndine wa ku Zimbabwe.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti mukoma Tawanda analumikiza waya wolakwika n'kulowetsa mawu a anthu ena m'kamwa mwa a Phiri, ndipo sindinamupatse moni mpaka mvula itagwa. Makatuni aja ndinadzawapeza pa foni ndili wamkulu. Ndi nkhani ya chidakwa chokhala ndi malo ogona alendo, yoseketsa ndithu, ndipo nsikidzi mulibemo. Bambo anali ndi maso, ankaona zonse zimene amayi ankaona. Koma pa sabata yonse, imeneyo inali nthawi yokhayo imene ana awo ankawayang'ana pakamwa n'kuwafunsa m'chilankhulo cha mayi amene anawabala iwowo. Ndinaonera magawo onse a chaka choyambacho, kenako ndinabwereza lomaliza nditatsitsa mawu mpaka pansi. Kumapeto kwake wachibwano amaima panja pa nyumba ndi sutikesi m'manja, akuyang'ana msewu. Pakamwa pake pamayenda kanthawi. Ndinadikira.