Kuwala Kofewa pa Nkhope Yopsa

Ntchito yojambula zithunzi ndinaiyambira m'makitchini pate, maphwando olangizira mkwatibwi ukwati usanachitike. Ku Kabushi kuno, mumzinda wa Ndola, amuna okhala ndi makamera ndi ambiri, koma pamwambo wa azimayi, pomwe alangizi amavina atamanga chitenje m'chiuno n'kumanena zosayenera kumva mwamuna, ojambula aamuna amaimitsidwa pageti. Ine pokhala mzimayi ndinkalowa mpaka m'kati. Kamera inali ya malemu amuna anga. Atatisiya, ndinaona kuti kuisunga m'sutikesi sikudyetsa ana.

Chimene chinkandisautsa chinali fulashi. M'maholo athu mumakhala mdima, ndiye popanda fulashi palibe chimene ungajambule. Koma ukaiwalitsa molunjika pankhope ya munthu amene wavina mpaka thukuta, chipumi chimanyezimira ngati poto watsopano, mphuno imayera mbuu, ndipo pakhoma kumbuyo kwake pamagwa mthunzi wakuda bii. Mkwatibwi wina anayang'ana zithunzi zake n'kundiuza kuti, "Anti, mwandichotsa monga chipuku." Sindinamutsutse, ankaonekadi ngati mzukwa.

Mankhwala a vutoli ndinakawapeza ku Kitwe, kwa bambo wina wogulitsa zamagetsi pafupi ndi msika wa Chisokone. Kanali kabokosi kansalu, kakuda kunja, m'kati konyezimira ngati siliva, kutsogolo kotchingidwa ndi nsalu yoyera. Amakatcha sofutibokosi. Kamapindika n'kulowa m'chikwama. Umalowetsa mutu wa fulashi kumbuyo kwake, n'kukaimika pa kachitsulo ka miyendo itatu, ndipo kuwala kukadutsa munsalu yoyera ija kumafika pankhope kutafewa. Ndinaphunzira kukagwiritsa ntchito poyeserera pa mayi woyandikana nane nyumba, wogulitsa tomato. Ndinaona kuti kakakhala patali sikathandiza, kuwala kumaumanso. Kamafuna kukhala pafupi, pamwamba pang'ono pa maso. Ukakasunthira kumbali, khwinya lililonse ndi kachiphuphu kalikonse zimaonekera. Ukakabweretsa kutsogolo, zonsezo zimafafanizika. Akwatibwi anasiya kudandaula, ndipo foni yanga inayamba kulira pafupipafupi.

Mmodzi mwa amene anaimba anali mayi wa ku Kansenshi, dera la olemera ku Ndola konkuno. Anati anaona zithunzi zanga paphwando lina, ndipo amafuna zithunzi zotsatsira malonda ake a mafuta a khungu. Ndinasangalala. Ndinaganiza kuti ndikajambula mabotolo okongola ataikidwa patebulo.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi, kenako n'kuyenda wapansi ndi chikwama kumsana. Nyumba yake inali ya mpanda wautali, magalimoto awiri pabwalo, maluwa othiriridwa bwino. Mayiyo anali wonenepa, woyera khungu, wonunkhira perefyumu wodula. Amuna ake anali a ntchito ya m'boma. Anandilandira ndi Chinyanja cha m'tauni.

"Ndimwe a kanyali kaja? Bwelani muone fakitale yanga."

Ananditengera kuseri, ku kanyumba ka antchito. Fungo linandilandira ndisanafike pakhomo, fungo la mankhwala ochapira m'chimbudzi losakanikirana ndi la maluwa. M'katimo munali zidebe zapulasitiki zodzaza phala lachikasu. Pansi panali mulu wa timachubu tofinyidwa, tolembedwa zilankhulo zimene sindinkatha kuwerenga. Pawindo panandandalikidwa mabotolo akale a mayonezi, ena adakali ndi mapepala ake. Ntchentche zingapo zinali zitafera m'chidebe chimodzi, ndipo palibe anavutika kuzichotsa. Mtsikana wina anali atagwada akutakasa phalalo ndi mthiko, manja ali osavala kanthu. Mayiyo atafuna kundionetsa kukhuthala kwake, anayamba wavala magolovesi.

"Ndi amene mumadzola inuyo, amayi?" ndinafunsa.

Anaseka. "Ine? Ili ni khungu lobadwa nalo. Koma makasitomala sitiwauza. Uyu ndiye amadzola. Iwe, imilila upeleke moni."

Mtsikanayo anaimirira, napinda mawondo. "Muli bwanji anti?" Malankhulidwe ake anali akwathu kum'mawa. Nditamufunsa anati kwawo ndi ku Katete, ndipo anabwera ku Ndola kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Anali wa zaka ngati makumi awiri. Nkhope yake inali itamatidwa paudala wambiri ngati khoma lopakidwa laimu.

Apa m'pamene mayiyo anafotokoza ntchito yanga. Sanafune mabotolo. Ankafuna zithunzi ziwiri za mtsikanayo. Chimodzi chokhala ngati asanayambe kudzola: amupaka paudala wakuda, avala duku yakutha, ine ndimuwalitsa ndi fulashi yosatchinga. Chinacho chokhala ngati wadzola kwa mwezi umodzi: avala wigi ndi diresi la mwana wake wa mayiyo, ine ndimuwalitsa ndi kabokosi kanga. Zonse tsiku limodzi.

Mtima wanga unali utayamba kale kukana, koma ndinali ndayenda ulendo, ndipo ndinadziuza kuti otsatsa malonda onse amakokomeza. Ndinati tiyambe ndi chithunzi cha wigi. Ndinamukhazika mtsikanayo pampando pakhonde, n'kuimika sofutibokosi kutsogolo kwake, pafupi ndithu, n'kujambula kamodzi kuti ndiyese kuwala. Pagalasi la kamera panatuluka nkhope yosalala, yoyera, maso akuwala. Mayiyo anasuzumira paphewa langa n'kuomba m'manja.

"Ehee! Ndiye ichi nifuna!"

Nditakuza chithunzicho ndinaona kuti paudala wang'ambika pa tsaya, ngati dothi la m'dambo nthawi ya chilimwe. Ndinati apukute timupake wina wochepa. Ndinatulutsa kansalu konyowa m'chikwama n'kumupatsa. Iye anayang'ana kwa abwana ake. Abwanawo anakweza mapewa. Anayamba kupukuta pang'onopang'ono, akuluma mlomo.

Kansaluko kanachoka kali ndi magazi osakanikirana ndi madzi achikasu.

Ndajambulapo maliro, ndajambulapo odwala m'chipatala, koma zonga zimene ndinaona pakhonde lija ndinali ndisanazionepo. Masaya onse awiri anali ndi zigamba zakuda ngati wapsa ndi simbi. Pozungulira zigambazo khungu linali lofiira, lopyapyala, timitsempha tikuonekera. M'munsi mwa chibwano munali ziphuphu zamafinya, zina zitaphulika. Nditamusuntha wigi ndinapeza chilonda chonyowa kuseri kwa khutu, ulusi wa wigiyo utamatirira pamenepo. Ndipo popeza ndinali nditawerama pafupi, ndinamva fungo limene perefyumu ankabisa, fungo ngati la nsomba yogona padzuwa.

"Mwana wanga, izi zayamba liti?"

"Kale, anti. Vimababa nikasamba."

"Ku kiliniki unapita?"

Anayankha ndi abwana ake. "Kiliniki ya chani? Ni khungu lakale likuchoka chabe. Akapitiliza kudzola azakhala bwino. Ndiye chifukwa nakuitanani imwe, a kanyali. Wina wojambula na foni anayesa, vonse ivi vinaoneka. Kanyali kanu kamabisa. Iwe, pita ukapake futi paudala."

Ananena zimenezi mopanda manyazi, ngati akuuza telala pofunika kusoka. Ndipo sankanama. Ndinkadziwa bwino lomwe pamene ndingaimike kabokosi kaja kuti chilonda chilichonse chizimirire. Chithunzi chinali kale mu kamera kuchitira umboni. Ndinaganiza za azimayi amene adzachione chithunzicho, ena a iwo akwatibwi anga omwe, atsikana a ku Kabushi amene amandifunsa nthawi zonse ngati sindingawayeretse pang'ono.

Ndinafufuta chithunzicho mayiyo akuona, n'kuyamba kupinda katundu wanga.

"Mucita chani?"

"Ndikupita, amayi. Mwanayu mupite naye kuchipatala. Izi sindijambula."

Nkhope yake inasintha. Chinyanja anachitaya, nayamba Chibemba chosakaniza ndi Chingerezi. Anati ndine mzimayi wa mukomboni wosadziwa bizinesi, wansanje, ndipo ojambula ali mbwee m'tauni. Anati mtsikanayo amadya chakudya chake, amagona m'nyumba yake, ndipo palibe anam'kakamiza. "Fumeni!" anakuwa, akuloza kugeti. Mtsikanayo ndi amene anatumidwa kukanditsegulira. Ndinamunong'oneza kuti ndimakhala ku Kabushi pafupi ndi msika, afunse mayi wojambula. Anagwedeza mutu osandiyang'ana.

Mu minibasi ndinakhala pafupi ndi windo, mutu uli kunja. Tsiku limenelo sindinadye. Ndinamasula nsalu yoyera ya kabokosi kaja n'kuichapa ndi sopo, ngakhale kuti sinakhudze chilichonse. Ndinkangomva ngati fungo lija lakakamira.

Patapita masabata angapo ndinapita ku Chisokone kukagula mabatire. Pa shopu ina ya zodzoladzola panapachikidwa chinsalu chachikulu chotsatsa malonda, ndipo nkhope inali pamenepo ndinaizindikira. Kumanzere anali wakuda ngati wogulitsa makala, atavala duku yakutha. Kumanja anali ndi wigi, atasalalitsidwa ndi kompyuta mpaka mphuno inatsala pang'ono kusowa. Mabotolo a mayonezi aja tsopano anali ndi mapepala agolide. Azimayi anali atazungulira, wina atavala yunifomu ya sukulu. Ndinagwira mkono wa mayi amene anali pafupi nane.

"Asisi, mtsikana uyu ndamuona ndi maso anga. Nkhope yake ili ndi zilonda. Musagule."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka. "Imwe na kuda kwanu uko, ndimwe muyenela kugula awili." Anzake anaseka nawo. Wogulitsayo anayamba kukuwa kuti ndikumuthamangitsira makasitomala, ndipo ndinachoka anthu asanadzadze.

Mvula itayamba, mtsikana uja anafika kwathu. Anali atadziphimba ndi chitenje mpaka m'masaya. Anati ntchito inatha. Nkhope itafika poipa, abwana ake anaona kuti ogula obwera kunyumba angamuone, ndiye anamuuza kuti alongedze. Tsopano ankakhala kwa azakhali ake ku Kabushi komweku. Ku kiliniki anamuuza kuti asiye mafutawo ndi kupewa dzuwa. Zilonda zinali zitauma, koma zigamba zakuda zija zinali zitakula, ndipo anamwino sanamulonjeze kuti zidzatha.

Ndinamupangira tiyi. Anamwa theka, kenako ananena chimene anabwerera.

"Amama kumudzi afuna chithunzi changa. Masiku onse akundifunsa pa foni. Anti, mundijambuleko na kanyali kaja. Nifuna asaone."

Kanali kabokosi komweko, bodza lake lomwelo. Koma uyu anali mwini nkhope akupempha yekha, ndipo palibe chimene ankagulitsa. Ndinamukhazika pampando m'chipinda chochezera, n'kumutembenuza kuti tsaya loipitsitsa likhale kumbali yosaoneka. Ndinabweretsa sofutibokosi pafupi kwambiri, kutsogolo, n'kumupatsa thaulo loyera kuti aligwire pamiyendo, kuwala kubwerere pansi pa chibwano. Paudala sitinapake. Nditamuonetsa chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali, akugwira tsaya lake ndi nsonga za zala.

"Ndiye mmene n'nalili," anatero. "Koma n'nali wakuda kuposa apa. N'nali bwino."

Tinatumiza chithunzicho pa foni ya mlongo wake kumudzi. Patapita miyezi ingapo ndinamva kwa azakhali ake kuti anabwerera ku Katete. Zimene mayi ake ananena atamuona, sindinazimve.

Nkhaniyi ndinaifotokozako kwa azimayi a kutchalitchi kwathu. Onse anagwira pakamwa. Wina anati amamudziwa mayi wa ku Kansenshiyo, amapemphera ku mpingo wina waukulu m'tauni, ndipo ndi amene anagulira kwaya yunifomu. Wina anati tizingomupempherera. Zinathera pomwepo.

Mayi wa ku Kansenshi uja ndinakumana nayenso chaka chathachi, pa kitchini pate ina mu holo ya m'tauni. Ng'oma zikulira, anatuluka pagulu akuvina, atanyamula dengu lokutidwa ndi pepala lonyezimira. Analiika pamapazi a mkwatibwi, n'kutenga maikolofoni, n'kunena kuti mkazi ayenera kuwala kuti mwamuna asayang'ane kumbali. Azimayi analulutira. M'dengumo munali mabotolo a mapepala agolide. Ine ndinatsitsa kamera. Azakhali a mkwatibwi anandigunda ndi chigongono. "Jambulani, takuitanilani chani?" Ndinajambula. Mayiyo anayang'ana mu kamera n'kumwetulira. Sindikudziwa ngati anandikumbukira.

Popereka zithunzi kwa mkwatibwiyo ndinapempha kulankhula naye patokha. Anandilowetsa kuchipinda, ndipo ndinamuuza zonse, za zidebe, za ntchentche, za chilonda cha kuseri kwa khutu. Anali mwana waulemu. Anamvetsera manja ali pamiyendo, kenako anati, "Zikomo anti, namvela." Patebulo lake la galasi panali botolo limodzi lotsegula, litafika kale pakati.