Kambalame ka a Bulashi

Alamu anga, mwamuna wa achemwali anga aakulu, anali mmisiri wolemba zikwangwani. Mukayenda msewu wathu kuchokera pa depoti mpaka kumsika, theka la zilembo zimene mungaone pamakoma a magolosale, masaluni ndi mabutchala zinatuluka m'dzanja lawo. Anthu ankangowatchula kuti a Bulashi. Anali aatali, owonda, zikhadabo zawo sizinkayera ngakhale atazitsuka ndi palafini, ndipo sankakhulupirira kuti kuli Mulungu.

Ndanena poyera chifukwa eni akewo sankabisa. Ine zinkandinyansa, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikaziganiza. Munthu wosamwa mowa, wosakweza dzanja pa mkazi, wosanama ngakhale bodza la nthabwala, koma ukamuuza za Mlengi n'kumangokuyang'ana ngati wamufunsa njira ya kudera kumene sanafikeko. Ndinawafunsapo kuti, "Kodi alamu, Mulungu anakulakwirani chiyani?" Iwo anati, "Palibe, mlamu. Munthu sungakwiyire munthu amene sunakumane naye. Ndinafunafuna, sindinapeze, basi."

Chodabwitsa n'chakuti ntchito yawo yambiri inali ya mawu a Mulungu omwewo. Eni minibasi ankafuna "Mulungu Salephera" kumbuyo kwa galimoto, eni magolosale ankafuna "Zonse Ndi Chisomo" pamwamba pa chitseko, ndipo matchalitchi atatu a m'dera lathu anali ndi zikwangwani zawo. Ankazilemba mwaluso ngati zina zonse. Ankayamba akoka chingwe chopaka choko kuti mzere uwongoke, kenako n'kujambula chilembo chilichonse ndi pensulo, pomaliza penti. Koma panali chinthu chimodzi chimene ankamana zikwangwani zoterezi.

Chikwangwani chilichonse akamaliza, pansi pake chakumanja ankajambulapo kambalame kakuda, kakang'ono ngati chala chamanthu. Mizere itatu yokha: phiko, phiko, ndi kathupi. Kumeneko ndiko kunali kusaina kwawo. Koma kambalameko sikankatera paliponse. Ankati, "Ndikalemba kuti muno muli nyama ya mbuzi, ndiye kuti ndalowa, nyamayo ndaiona. Dzanja langa aliyense atha kulilemba ganyu, koma kambalame ndi umboni wanga." Munthu wina wogulitsa mankhwala anawalembetsa kuti amachiza matenda onse. Analemba, koma kambalame anamumana. Pa mawu onena za Mulungu, pa zaka zonse zimene ndinawadziwa, kambalame sikanaterepo n'kamodzi komwe.

Abusa athu anayesapo kuwakoka. Tsiku lina alamu ali pamakwerero, akulemba dzina la tchalitchi, abusa anaima pansi n'kunena kuti, "A Bulashi, chikwangwani chimadzilemba chokha?"

"Ayi, abusa."

"Nanga dziko lonseli, dzuwa, mvula, ana obadwa ndi zala khumi, zinadzilemba zokha?"

Alamu anapukuta bulashi pa kansanza n'kuyankha kuti, "Chikwangwani changa chikapindika mumabwera kushedi kudzandikalipira, ndipo mumandipeza. Nanga dzikoli likapindika, wolembayo timakamupeza kuti?" Abusa anati timamupeza m'pemphero. Alamu anati, "Mwina. Tandigwirireni makwererowa, akugwedera." Abusa anagwira makwerero mpaka ntchito inatha, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Achemwali anga sankadziwa kuwerenga. Anasiya sukulu m'kalasi yoyamba kuti alere ife ang'onoang'ono mayi athu atamwalira, ndiye ine amene ndikusimba nkhaniyi ndinaphunzira pamsana pawo. Zilembo zonse kwa iwo zinali mizere chabe, koma kambalame ankakadziwa. Kuyenda nawo kumsika kunali kotopetsa, abale! Paliponse kuima: "Taona, ya abambo iyi. Iyinso ya abambo." Ankati chikwangwani chokhala ndi kambalame sichinama, ndipo golosale yopanda kambalame ankalowamo mokayika.

Analinso munthu wopemphera kuposa tonsefe. Zaka makumi atatu ndi zinayi anakhala ndi mwamuna wosapemphera, osakangana naye za chikhulupiriro. Lamlungu alamu ankawasitira chovala cha kutchalitchi, n'kuwaperekeza mpaka pageti, iwo n'kubwerera kushedi. Ine ndikayamba kulalata, achemwali ankanditseka pakamwa. "Asiye alamu ako. Mulungu ndi woleza mtima kuposa iwe. Tsiku lina kambalame kadzatera."

Ndiye kunabwera matenda a achemwali. Chinayamba ngati m'mimba wamba, kenako madokotala anapeza chotupa chimene chinali chitafalikira kale. Anawagoneka milungu isanu, pomaliza anatiuza kuti tiwatengere kunyumba. Aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ine ndinatseka kashopu kanga kosokeramo zovala n'kusamukira kwawo kukadwazika.

Chipinda chawo chinali chaching'ono: bedi, mpando umodzi, zenera kumanja, ndi khoma loyera moyang'anizana ndi bedi. M'mawa wina, Lamlungu, achemwali anayang'ana khomalo nthawi yaitali, kenako anaitana amuna awo.

"Abambo, mwalembera anthu onse m'dera muno. Ine simunandilembereko kanthu."

"Nenani, mayi. Ndilembe chiyani?"

"Mulembe kuti tidzaonananso. Apo, pamene ndizipaona ndikadzuka."

Alamu anapita kushedi, n'kubwera ndi chingwe, choko, pensulo ndi kachitini ka penti ya buluu. Anatsegula zenera kuti fungo lisawapweteke odwala. Anagwira ntchito m'mawa wonse mosathamanga, ndipo ndikukuuzani, sindinaonepo zilembo zokongola ngati zimene zija. Atamaliza, achemwali anandiuza kuti ndiwakhazike tsonga ndi mapilo, ndiwawerengere. Ndinawerenga. Anamwetulira. Kenako maso awo anatsikira pansi chakumanja, n'kuyamba kufunafuna.

"Abambo, nanga kambalame?"

Alamu anali chiimire, bulashi ili m'manja.

"Penti sinaume, mayi," anatero.

"Ikauma?"

Anatola zitini zawo n'kutuluka.

Ine magazi anandiwira. Ndinawatsatira kushedi, ndipo ulemu wonse wa chilamu ndinausiya pakhomo. "Inu ndinu munthu wanji? Mkazi wanu akufa! Mizere itatu yokha, itatu! Mkono uduka?"

"Khalani pansi, mlamu."

"Sindikhala! Mwalembera anthu mabodza angati m'tauni muno? Lero bodza limodzi la mkazi wanu likukukanikani?"

Anakhala pa chitini cha penti, manja ali pamaondo. Anati, "Achemwali anu sawerenga. Zaka zonsezi chinthu chimodzi chokha chimene amawerenga ndi kambalame kaja, ndipo sikanawanamizepo. Ndikakajambula apo, ndiye kuti ndawauza kuti ndalowa, ndaona. Ine sindinaone, mlamu. Ndikanakonda ndikanaona. Mukuganiza kuti sindifuna kudzawaonanso?"

"Ndiye khulupirirani!"

"Kukhulupirira si malaya oti munthu ungovala chifukwa kwazizira. Ndayesa. Masiku onse amene anali kuchipatala ndinkayesa. Ndimati ndikayang'ana mmene akuvutikira, munthu amene sanaphepo ngakhale nyerere, ndimadzifunsa kuti amene akuona zimenezi n'kukhala chete ndi ndani?"

Ndinawauza kuti akuchitira Mulungu mwano, kuti ndi ouma mtima, kuti kunyada kwawo akukutcha chilungamo. Mawu ena amene ndinanena sindingawabwereze pano. Iwo anangowerama.

Lolemba m'mawa achemwali anafunsanso. "Penti yauma, abambo?" Alamu anati yauma, n'kuwapatsa madzi pa supuni. Lachiwiri anafunsa ndi maso okha. Alamu ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwasisita mapazi, osachoka pambali pa bedi, koma bulashi sanaigwire. Ine ndinaganizapo zojambula ndekha kambalameko iwo atatuluka. Ndinafika mpaka potenga penti yakuda kushedi. Koma achemwali akanadziwa, dzanja la mwamuna wawo ankalidziwa kuposa nkhope yanga.

Lachitatu masana anandiitana ndi mawu otsika. "Unditembenuzire kuzenera."

"Nanga mawu anu aja, achemwali? Simufunanso kuwaona?"

"Ndawaona. Unditembenuze."

Ndinawatembenuza, khoma lija n'kukhala kumsana kwawo. Alamu anali pampando ndipo anamva zonse. Anasuntha mpando n'kukakhala mbali ya zenera, nawagwira dzanja. Achemwali sanalichotse dzanjalo, komanso sanalankhulenso za kambalame. Anamwalira Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, akuyang'ana kunja kumene kunalibe chilichonse koma chingwe choyanikira zovala.

Pamaliro sindinawalankhule alamu. Anthu ankanong'onezana kuti taonani, munthu wopanda Mulungu salira n'komwe. Zoona, sanalire pagulu. Anangoima kumbuyo, chipewa chili m'manja, nyimbo zonse pakamwa pali chitsekere. Ine ndinkaimba mokweza dala kuti amve.

Panapita milungu isanu ndi umodzi ndisanapondeko kwawo. Tsiku limene ndinapita kukatenga zovala za achemwali, ndinapeza shedi yotseka, mabulashi ataumira m'chitini. Alamu anali atawonda kwambiri, ndevu zosameta. Anandilonjera bwinobwino n'kunditsegulira chipinda chija.

Bedi linali loyalidwa. Mawu a buluu anali pomwepo. Ndipo pansi pake chakumanja panali kambalame kakuda, phiko, phiko, ndi kathupi.

Ndinakhala pabedi. Ndisaname, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati pemphero la achemwali layankhidwa, ngakhale mochedwa. "Alamu! Mwakhulupirira?"

Anapukusa mutu. "Ayi, mlamu. Palibe chasintha."

"Nanga ichi?"

"Ndi bodza. Ndinalijambula tsiku limene tinabwerako kumanda. Silinanditengere ngakhale mphindi imodzi." Anakhala pampando uja, maso ali pakhoma. "Ndimaganiza kuti ndikuwasungira chinthu cha mtengo wapatali. Koma iwo sankafuna umboni. Ankafuna kuti mwamuna wawo awaperekeze mpaka pageti, ngati Lamlungu lililonse. Ndikanangonama."

Ndinafuna kunena kuti madzi akatayika sawoleka, koma ndinaona kuti akudziwa kale kuposa ine. M'malo mwake ndinati, "Achemwali anakukhululukirani. Kumene aliko akukaona kambalameka."

Anandiyang'ana, ndipo aka kanali koyamba kuona misozi m'maso mwawo. "Inu muli ndi mwayi, mlamu. Inu mukuti mudzawapeza, mudzakhala nawo mpaka kalekale, mudzawafotokozera zonse. Ine ndinali ndi masiku anayi okha. Ndipo ndinawalola kuti atembenukire kuzenera."

Ine amene pakamwa panga sipatsekeka, tsiku limenelo ndinapinda zovala za achemwali mwakachetechete, iwo akundigwirira chikwama.

Anakhalanso ndi moyo zaka zitatu. Ntchito anayambiranso, chifukwa munthu ayenera kudya, ndipo zilembo zawo zinali zowongoka ngati kale. Koma kambalame sanakajambulenso pa chikwangwani chilichonse, ngakhale cha butchala imene nyama yake anaiona ndi maso awo. Wina akafunsa, ankati kanawuluka. Nyumba ija muli anthu ena tsopano, ndipo ndinamva kuti khoma lija analipaka penti yachikasu.