Manja Osambitsa Mitembo

Ntchito yosambitsa mitembo ndinaipeza kudzera mwa a Chimpeni, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi ku Bertrams. Ndinali nditatha miyezi ndikungoyendayenda mu Joni, lero kupenta geti, mawa kudula udzu, pamene iwo anandiuza kuti kampani ina yoika maliro ku Jeppestown ikufuna munthu wopanda mantha. Ndinawayankha kuti mantha ndi a anthu okhuta. Mkazi wanga Nabanda anali woyembekezera, ndipo tinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake.

Kapitawo wathu anali Mzulu wachikulire, a Mthembu. Tsiku loyamba anandipatsa epuloni ya pulasitiki, magolovesi ndi majombo a mphira, kenako anatsegula firiji ya mitembo. "Wena Nyasa, awa samenya munthu. Oopsa ali panja," anatero. Anandiphunzitsa kugoneka mtembo pa tebulo lachitsulo, kuusambitsa ndi payipi kuyambira kumutu, kutseka mphuno ndi thonje, ndi kusoka pakamwa chamkati ndi singano yokhota kuti ulusi usaoneke. Fomalini, mankhwala oteteza thupi kuti lisawole msanga, tinkalowetsa ndi pampu pa mtsempha wa pakhosi, ndipo ankawawa m'maso kuposa utsi wa nkhuni zaziwisi. Ntchitoyo ndinkaitha, sindibisa. Okalamba ndinkawapesa bwinobwino mpaka achibale kunena kuti akungogona.

Zinthu zinasintha nkhondo ya zipani zandale itabuka m'masitima ndi m'mahositela, nyumba zogona amuna apaulebala. Anthu ankabwera otemedwa ndi zikwanje, ena oponyedwa kunja sitima ikuyenda. Tsiku lonse linkathera pa kusoka ndi kulumikiza, kuti amayi a munthu apezeko nkhope yoti aione. Ndinkaweruka nditatopa mpaka m'mafupa, koma tulo sitinkabwera.

Kwathu ku Dedza okonza maliro timawatcha adzukulu. Amagwira ntchito ali gulu, akuseleulana, ndipo akachoka kumanda amasamba m'manja ndi mankhwala asanakhudze mwana aliyense. Ine ndinali mdzukulu wa tsiku ndi tsiku, ndekha, wopanda wondisambitsa. Ndinkasamba ndi sopo, kenako ndi bulichi mpaka khungu kung'ambika, koma manja ankandionekerabe onyansa. Pa nthawiyi mwana wathu Lusiya anali atabadwa kale, ndipo anali atayamba kuyenda. Akandithamangira pageti, ndinkabisa manja kumbuyo ndi kumulambalala. Ndinkaopa kuti imfa yomwe ndagwira masana imulowa.

"Bambo a Lusiya, mwanayu wakulakwirani chiyani?" anandifunsa Nabanda tsiku lina. "Ngati mwatopa nafe nenani, tizipita kumudzi." Ndinangotuluka panja kukasambanso m'manja.

Tsiku lina kuntchito a Mthembu anandipeza nditaima ndi payipi m'manja, madzi atasefukira mpaka pakhomo, ine osaona kanthu. A Mthembu anatseka mpopi. "Bwana akuti upite kwa dokotala wa maganizo ku Troyeville, alipira yekha. Usakane, mfana. Sindikufuna kudzasambitsa iwe."

Nabanda atamva anasangalala. M'mawa wa tsikulo anandisitira shati yoyera ya kutchalitchi, ndipo anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinkadziwa kuti chiyembekezo chake chonse chili pa ulendo umenewo.

Kunali kunyumba wamba, osati kuchipatala. M'chipindamo munali mipando iwiri, kabokosi ka matishu ndi wotchi pakhoma. Munalibe singano, munalibe botolo la mankhwala ngakhale limodzi. Dokotalayo anali mayi wachizungu waimvi. Anandipatsa mpando, nandifunsa m'Chingerezi, "A Phiri, chakubweretsani ndi chiyani?"

Mtima wanga unagwa pomwepo. Kwathu sing'anga weniweni safunsa. Umakhala pansi, iye nkukuuza komwe wachokera ndi chomwe chikukudya. Amene amayamba ndi mafunso timati ndi wakuba, akufuna umupatse nkhani kuti akugulitsenso. Ndiye ndinaganiza kuti mwina mayiyu akungondiyesa, ndipo ndinatseka pakamwa kuti ndione mphamvu zake. Nayenso anangokhala chete, akundiyang'ana modekha. Ndinkamva mataxi akuliza hutala kumsewu ndi galu wa oyandikana nawo akuuwa. Thukuta linanyowetsa shati ija. Mumtima ndinkamupempha kuti angonena mawu amodzi okha, kuti muli ndi mwana wamkazi, ndipo ndikanagwada pansi ndi kumuuza zonse. Iye anangoti, "Musafulumire, ndikudikira." Ine ndinkadikiranso. Ola lonse linatha choncho, mpaka anayang'ana wotchi nati tidzaonane sabata yamawa.

Ndinatuluka nditatopa kuposa tsiku la mitembo yodzaza firiji, ndiponso nditakwiya. Nabanda anali akundidikira pageti, mwana ali kumsana. "Akuti chiyani?" anafunsa. Ndinati mzunguyo sadziwa kanthu, ndipo sindidzapitanso. Nabanda anangolandira shati ija nakaiviika m'beseni.

Patapita masabata angapo, a Chimpeni anamva nkhaniyi ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Iwo anagwirapo ntchito ya m'munda kwa dokotala wotere. "Iwe, amene aja saombeza," anatero. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ukapanda kulankhula mungagonere pomwepo nonse awiri."

Ndinabwerera kwa dokotala uja ndi manyazi. Posowa poyambira, ndinayamba kumufotokozera ntchito ngati ndikuphunzitsa munthu watsopano: payipi, thonje, singano yokhota, pampu. Anamvetsera zonse osanyansidwa. Nditamaliza anafunsa, "Nanga mukafika kunyumba, manjawo mumatani nawo?" Ndinadziyang'ana, nkupeza kuti ndawakhalira onse awiri. Ndinalira pamaso pa mayi wachilendo, ine amene sindinalire pa maliro a bambo anga.

Ndinapitako miyezi yambiri, tsiku limodzi pa sabata. Sizinali zokoma. Masiku ena ndinkatulukako mutu ukuwawa, ndikudzifunsa kuti kukumba zonsezi kuli ndi phindu lanji. Nditamuuza za mankhwala a adzukulu sanandiseke, koma anafunsa ngati pali munthu mu Joni amene angandichitire zofanana nazo. A Chimpeni anandithira madzi m'manja kuseri kwa tchalitchi, atapemphera. Tulo tinayamba kubwera pang'onopang'ono. Koma kugwira mwana kunandivutabe, ndipo kunyumba sindinkanena zomwe ndinkanena ku Troyeville. Ndinkafuna ndichire kaye, kenako ndidzawadabwitse.

Nabanda sanadikire zimenezo. Kuyambira tsiku limene ndinati sindidzapitanso, iye anali atatumiza kale mawu kwa amalume ake, ndipo iwo anavomera kuti abwerere kumudzi. Atandiuza kuti akupita, ndinamufotokozera zonse, ndipo anamvetsera misozi ili m'maso, koma anati mtima wake watopa ndipo sungatembenukenso mwamsanga. Sindinamuimbe mlandu.

Pamalo okwerera basi ndinawerama ndi kunyamula Lusiya. Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ankanunkhira mafuta odzola. Anauma thupi, nandiyang'ana ngati munthu wa pamsewu, kenako anayamba kulira akutambasulira manja kwa mayi ake. Ndinamugwirabe mpaka pakhomo la basi. Nabanda pomulandira anati, "Mukanayamba kale, bambo a Lusiya."

Ntchito ija ndinaigwira zaka zina zambiri, ndipo chomwe ndinasunga ndi chimodzi: munthu wofuna kukuthandiza akakufunsa chomwe wabwera nacho, muyankhe tsiku lomwelo, ngakhale mawu atuluke okhotakhota. Lusiya anakulira ku Dedza. Lero ndi mayi wa ana ake, ndipo ndikapita kumudzi amandilandira mwaulemu wonse. Amagwada chapatali pondipatsa moni, monga amachitira kwa mlendo aliyense wachikulire.