Supuni Imodzi ya Nsinjiro

Mukhoza kunena kuti ndikupeka, koma ndikulumbira pali mayi anga amene anagona ku Zomba, zimene ndikuuzenizi zinachitikadi, m'nyumba mwanga momwe muno ku Laurel, ku Amereka kuno, masanasana. Maina sinditchula, chifukwa mwiniwakeyo ndi munthu wodziwika, komanso ine wolakwane ndili ndi ana amene amandiyesa munthu wabwino.

Ndinali ndi mnzanga wa paubwana, tinkaimba kwaya imodzi kutchalitchi kwathu. Wotsogolera nyimbo ndinali ine, mawu anga okwera bwino, ukwati uliwonse ankaitana ine. Mnzangayo mawu ake anali aakulu ngati a bambo, moti tinkamuseka kuti anameza chule, ndipo aphunzitsi a kwaya ankamuimika kumbuyo pafupi ndi amuna kuti asatisokoneze. Ndani ankadziwa kuti kunja kuno mawu otere amachita kuwasakasaka? Sisitere wina wachizungu anamumva, n'kumupezera sukulu ya zoimba ku Ulaya, basi mwana anapita. Akuti mawu akewo ndi kontiralito, mawu a mkazi otsika kuposa onse, ndipo amaimba opera, masewero aja amene nkhani yonse amachita kuimba m'malo molankhula.

Ine ndinabwera ku Amereka potsatira amuna anga, ntchito yanga ndi ya muofesi ku Gaithersburg, ndipo kuimba kwanga kunathera pa mapemphero a Amalawi a Lamlungu. Mnzanga uja mwezi uno ali ku Italy, mwezi wamawa ku Germany, zithunzi zake pafoni atavala diresi lokwekwera pansi, maluwa ali m'manja. Chithunzi chilichonse ndinkaikapo kamtima kosonyeza kuti ndachikonda, koma m'kati mwangamu munkatentha moto. Ndisakunamizeni anzanga, ndinkamuchitira nsanje, nsanje yeniyeni.

Chaka china anandiimbira foni kuti akubwera kudzaimba muholo ina yaikulu cha ku Foggy Bottom, kufupi ndi kwathu kuno, konsati yake ndi Lamlungu, koma Loweruka akufuna adzadye kwathu zakudya zakumudzi. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndisadzathire mtedza m'chakudya chilichonse, chifukwa thupi lake linayamba kudana nawo atakula kale, akangolawa pakhosi pamatupa. Nditadula foni ndinaseka chikhakhali. Mmalawi wodana ndi mtedza? Yemwe uja tinkakazinga naye mtedza paphale n'kumatafuna mpaka nsagwada kuwawa, yemwe uja anakulira futali ndi nkhwani wotendera? Kusukulu kwa ana anga mtedza amaletsa, inde, koma ine ndinkati amenewo ndi matenda a ana a azungu. Ndinangoti awa ndi matama, munthu wadya za m'mahotela waiwala kwawo.

Loweruka amuna anga anakamutenga pa galimoto. Kunja kukutentha chonchija, iye anafika atakulunga kansalu m'khosi, madzi ozizira anakana, anapempha kuti tizimitse makina oziziritsa m'nyumba, ndipo ankalankhula monong'ona, akuti akusunga mawu. Ndinamukumbatira ndikumwetulira, mano okha. Ndiye amuna anga, amene zaka zonsezi sanandiuzepo kuti ndimaimba bwino, anayamba kumuchonderera kuti aimbe ngakhale mzere umodzi. Anaimba motsitsa, ndipo mwa nyimbo zonse za padziko anasankha ya kwaya yathu ija, imene ndinkatsogolera ine. Mawuwo ndinawamva m'chifuwa mwanga ngati ng'oma. Nditacheuka ndinaona bambo a m'nyumba akupukuta misozi.

Ndinalowa kukhitchini. M'kabati munali botolo la nsinjiro imene achemwali anga ananditumizira kuchokera kumudzi. Ndinatapa supuni imodzi, yaing'ono ya tiyi, n'kutakasira mumsuzi wa nkhuku mpaka inasowa. Kupha munthu sindinaganizeko, Mulungu ndi mboni. Ndinkangofuna adye, anyambite zala, kenako ndiulule pamaso pa amuna anga kuti taonani mzungu wanuyu wadya mtedza ndipo ali bwinobwino. Tisanapemphere mnzangayo anandifunsa ngati muli mtedza penapake, ine n'kumuyang'ana m'maso, n'kumuuza kuti adye momasuka, pano ndi pakwawo.

Sanamalize n'komwe mpunga wa m'mbale mwake. Anayamba kukanda m'khosi, kenako kutsokomola, milomo n'kutupa ndikuona ndi maso angawa. Mpweya unayamba kutuluka molira ngati wenzulo, munthu uja wa mawu ogwedeza nyumba akulephera kutchula ngakhale dzina langa. Ankangoloza pakhomo, ife osamva, mpaka amuna anga anakumbukira kuti chikwama chake chatsala m'galimoto. Anathamanga osavala nsapato, ine ndikuimba foni ya ambulansi, mnzanga atagwa pansi, nkhope ikuchita bii. Mayi wa pafoniyo anafunsa chimene wadya. Amuna anga, akulowa ndi chikwama, anakuwa kuti si mtedza ayi, mkazi wawo anasamala kwambiri. Kodi mukanakhala inu mukanatani? Maso a mnzanga anali pa ine. Ndinayankha kuti wadya mtedza, ndathira ndine.

M'chikwamamo munali jakisoni amene amayenda naye, ndipo mayi wa pafoni uja ndi amene anandilangiza kuti ndimubaye pantchafu. Mphindi zimene tinadikira ambulansi sindidzaziiwala, ndinagwada pambali pake ndikuwerenga mpweya wake, ndikuuza Mulungu kuti atenge mawu anga onse koma uyu amusiye.

Anapulumuka, koma madokotala anachita kumulowetsa paipi pakhosi, ndipo konsati ija anaimba munthu wina. Kwa miyezi ingapo palibe ankadziwa ngati adzaimbanso. Iye anangowauza eni konsati kuti anadya mosasamala, dzina langa sanalitchule kwa aliyense. Nditapita kuchipatala ndinkayembekezera kuti anditukwana, mwinanso kundimangitsa, ndipo zikanandikhalira bwino. Iye anangonong'ona kuti m'mizinda yonse imene ndimamusirira ija amadya yekha m'chipinda cha hotela, akuwerenga pepala la chakudya chilichonse mwamantha, ndipo pa zaka zambiri kwathu ndi kumene anadya koyamba osaopa kanthu. Atatero anatembenukira kukhoma.

Mawu ake anabwerera, mpaka lero akuimba m'maiko, koma pakhomo panga sanapondeponso. Amuna anga nkhaniyi saikamba, kungoti ndikawapatsa chakudya nthawi zina amayamba achiyang'ana kaye. Ndipo chodabwitsa n'chakuti chichokereni tsiku limenelo ine sindiimba. Ndikati nditsegule pakamwa kutchalitchi, pakhosi pamangotseka, madokotala anandiyeza sanapeze kanthu.

Kale ndinkati mfiti ndi yokhayo youluka pa lichero. Pano ndimakhulupirira kuti ufiti ndi nsanje imene waisunga n'kumaidyetsa, tsiku lina imadzakutuma ntchito. Choncho anzanga, munthu akakuuzani kuti chakuti chimandidwalitsa, mumvereni, ngakhale munakulira naye mbale imodzi. Ndipo ngati muli ndi mnzanu amene mumamuikira kamtima pafoni mano ali gwa, musamuitanire chakudya mtima wanu usanapole. Ine yanga inali supuni imodzi yokha, ya tiyi.