Kandege ka bambo ndi mpanda wa asilikali

Ndikukumbukira Loweruka lina ku Chilumba, ndili sitandade sikisi, pamene bambo anandilola koyamba kugwira kabokosi ka wailesi kowongolera kandege kawo. Bambo anali mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndipo kandegeko anawasiyira mzungu wina pobwerera kwawo. Kanalibe injini. Ankakaponya ali pachitunda, n'kumakayendetsa ndi kabokosiko kakuyandama pamphepo ngati mphamba.

Kumbuyo kwa mapiko ake kunali timapiko topindika. Ukatitsitsa, timagwira mphepo ndipo kandege kamachepetsa liwiro kuti katere. Bambo anandiphunzitsa zimenezi sabata yathunthu patebulo, koma ine khutu linali pa kuulutsa basi.

Tsikulo kunatentha, udzu ukununkha fumbi. Bambo anakaponya kandege, ine n'kumakawongolera. Pobwerako, kanadutsa pamwamba pa bwalo lomwe tinkaterapo kali paliwiro, n'kulunjika kumpanda wa kampu ya asilikali. Masiku amenewo a chipani chimodzi, chinthu cha wailesi kugwera mmenemo, mwini wake sakanagona kunyumba. Ndinali mwana, koma zimenezo ndinkazidziwa. Ndinachita mantha.

Bambo sanandilande kabokosiko, nthawi panalibe. Anangoyankhula chapansipansi: "Tsitsa timapiko tonse. Kakadzutsa mphuno, kaweramitse. Usatibweze."

Ndinatitsitsa. Kandege kanadzutsadi mphuno ngati mbuzi yokana chingwe, ine n'kukaweramitsa. Kanayamba kutsika mwaulesi, mtima ukundiuza kuti ndibweze timapiko kangagwe, koma ndinalimba. Kanatera m'munda wa chinangwa, mpanda uli pafupi moti tinkaona minga za waya wake. Kuseri kwa wayawo kunali msilikali, akungotiyang'ana.

Mayi mwini munda anatulukira ndi khasu paphewa. "Asambizgi, ndege yinu yaphyora vikhawu vyane," anadandaula m'Chitumbuka, akuloza chinangwa chothyokacho. Bambo anapepesa atagwira chipewa m'manja, uku akuponya maso kwa msilikali uja.

Titafika kunyumba anandisisita m'mutu n'kunena kuti ndatera bwino. Kenako anatenga kabokosi kaja, nakakaponya m'chimbudzi chokumba. Ndinalira mpaka maso kutupa, ndipo ndinawakwiyira mwezi wathunthu.

Masiku ano achinyamata amaulutsa tindege tojambula paukwati ku Uliwa, kufupi ndi Chilumba, popanda wowafunsa. Ndimakondwera nawo. Koma ndinachita kukhala ndi ana anga kuti ndimvetse zimene bambo anachita: tinali ana asanu, ndipo wotidyetsa anali iwo okha.