Ndiwafunsenso Loweruka

Chilichonse ndimalemba m'foni, pa apu ya manotsi: za kuntchito ku Limbe, zogula, ngakhale tsiku lochapa. Agogo, amene anandilera ku Chilobwe makolo anga atamwalira, ankandiseka nazo.

Tsiku lina anati, "Iwe wolembalemba, lemba mudzi wakwathu ku Mozambiki ndi dzina la achimwene anga. Ndikadzafa adzamve."

Anatchula pang'onopang'ono. Ine maso ali pafoni, ndikukonza zochita za mawa.

"Walemba?"

"Ndalemba, agogo."

Atamwalira, akuluakulu a mpingo anandifunsa kotumiza uthenga wa maliro. Ndinatsegula apu ija onse akundiyang'ana. Pa nkhani ya agogoyi munali mzere umodzi wokha: "Ndiwafunsenso Loweruka."

Ndinanama kuti foni yafufuta yokha. Mpaka lero achimwene awo sanamve. Loweruka lililonse foni imandikumbutsabe kuti ndiwafunse.