Pulani ya Boti la Agogo Zuze

Ndikamva fungo la phula lotentha, ngakhale likhale la anthu okonza msewu kuno ku Glasgow, ndimaona agogo anga a Zuze atagwada pansi pa mkuyu m'mbali mwa mtsinje wa Bua, utsi wakuda ukufuka m'chitini, utuchi wofiirira wa mlombwa utawamatirira m'miyendo, iwo akulowetsa thonje m'mipata ya matabwa ndi kamtengo kosongoka.

Msuweni wanga a Binwell, amene timapemphera limodzi ku Springburn, amakonda kuuza ana pa nthawi ya tiyi kuti agogo anakhoma boti lawo ndi maso okha, osayang'ana pepala. Nkhaniyo ndi yokoma, koma si yoona. Chaka chimenecho a Binwell anali ku Kasungu. Ine ndinalipo.

Agogo anali mmisiri wa mabwato osema, ndipo ankawolotsa anthu ndi katundu. Mitengo ikuluikulu itatha, anakhoma boti la matabwa, naliumba lozungulira pansi monga anazolowera. Pa ulendo wachitatu linagunda mwala pamadzi othamanga, n'kugubuduka. Palibe anamira, koma matumba awiri a mpunga a mayi wina, a Nabanda, anapita ndi madzi. Kuyambira pamenepo anthu ankayenda ulendo wautali kukawolokera pamlatho, ndipo agogo ankakhala okha padoko, nkhafi ili pamiyendo.

Mmawa wina anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kundiuza kuti ndiwaperekeze, popeza ndinkadziwa kuwerenga manambala. Tinapita kwa a Yohane, amene kale anali wophunzira wawo, koma agogo anawathamangitsa chifukwa chokonda kujambula asanadule.

"Takulandirani, bambo," anatero a Yohane, akupukuta mpando.

"Mpando usiye. Ndipatse pepala."

"Paja munkati pensulo ndi ya anthu opanda maso?"

"Ndinatero. Mtsinje wandiyankha."

A Yohane anayala mapulani awiri amene anakopera ku sukulu ya ukalipentala. Yoyamba inali ya boti la msana wakuthwa, lokongola ndithu, ndipo chala cha agogo chinathamangira pomwepo. Yachiwiri inali ya boti lophwathalala pansi, lotambasuka m'mbali, lopindikira m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo ngati nthochi.

"Ili ndi beseni lochapiramo," anatero agogo.

"Beseni limadutsa pamwamba pa miyala, bambo. Linalo ndi la madzi akuya."

Agogo anasisita chibwano. Kenako anandiuza kuti ndiwerenge miyeso ya beseni lija, pang'onopang'ono, ndipo muyeso uliwonse anaumanga mfundo pachingwe cha khonje.

Pa nkhani ya matabwa, mphunzitsi anakhalanso agogo. Pepala linkatchula mtengo wa kunja umene kwathu kunalibe, ndipo a Yohane ankati bulugama angakwanire. Agogo anadula zidutswa zitatu zofanana, cha bulugama, cha mbawa ndi cha mlombwa, nazimangirira mumtsinje milungu itatu, kenako n'kuziyanika pathanthwe. Cha bulugama chinang'aluka, cha mbawa chinapotoka pang'ono, cha mlombwa chinangokhala monga anachidulira. "Mtengo usaufunse uli pamtunda," anatero, ndipo a Yohane analemba zimenezo kuseri kwa pulani.

Boti litatha, anthu anaima pamtunda, manja kumbuyo. Amene anatsika poyamba anali a Nabanda omwe aja, dengu lili pamutu.

"A Zuze, likagubuduka mundibereka kumsana mpaka tsidya."

"Kwerani, mayi. Ili lili ndi pepala."

Linatsetsereka ndi madzi, n'kudutsa pamwamba pa mwala uja, ndipo pobwerera linanyamula anthu asanu.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga Tadala, wobadwira konkuno, anandibweretsera mapulani awiri pafoni. Iye ndi anzake akufuna kukhoma boti lotsetsereka ndi mtsinje, m'shedi ina pafupi ndi ngalande ku Maryhill, ndipo sakugwirizana ngati agule matabwa enieni kapena opyapyala omatikiza aja. Anandifunsa m'Chingerezi chake chothamanga kuti ndisankhe, poti ndine mdzukulu wa mmisiri. Chala changa chinali chitanyamuka kale. Ine ndine munthu amene ndimakonza ena, ndipo mawu akuti "sindikudziwa" amandilemera pakamwa. Komatu mitengo ya kuno sindinaiviikepo, ndipo mitsinje yake ndimangoiona pawindo la basi.

"Sindikudziwa, mdzukulu wanga," ndinatero. "Amakuphunzitsani ndani?"

Ndi mayi wina wa Chisikoti, wamng'ono kwa mwana wanga woyamba. Loweruka lililonse tsopano ndimakwera basi ya ku Maryhill, kope lili m'thumba, ndipo mayiyo akamaphunzitsa m'shedimo ndimakhala kutsogolo kuti ndimve bwino.